Lonjezo Limene Sanatumidwe

1. Manja agwire, pakamwa patseke

Chaka chimene Vesi analemba mayeso ake otsiriza a ku sekondale, m'nyengo ija yotopetsa imene ophunzira amangokhala pakhomo kudikira zotsatira, mvula itayamba kudontha m'tchalitchi kudzera pa malata obooka a kumbuyo, ndiponso mwendo wa a Nesi utatupa kotero kuti nsapato inakana kulowa, kunachitika chinthu chimene mtsikanayu sanachiiwale moyo wake wonse.

Amene anamupatsa dzina lakuti Vesi anali anzake a kukwaya. Munthu akadandaula kuti mutu ukupweteka, iye anali ndi vesi. Wina akalephera masamu, vesi linalipo. Tsiku lina mchimwene wake ataphulitsa tayala la njinga anati, “Tafunsani mlongo wangayu, mwina pali vesi lomatira chubu.” Onse anaseka, naye anaseka, koma mumtima dzinalo linkamukomera.

A Nesi anali mayi wachikulire amene anagwira ntchito ya unamwino mpaka kupuma, koma dzina la ntchitoyo linawakanirira. Mumpingo ndiwo anali mlangizi wamkulu wa atsikana.

Mpingowo unali ndi kachitidwe kake. Mtsikana aliyense wongotembenuka mtima ankapatsidwa mnzake wokulirapo woti aziyenda naye, kumuphunzitsa kupemphera, ndi kumudzutsa akafooka. Koma wofuna ulangiziwo ankayamba watsatira a Nesi kokaona odwala, ndipo lamulo lake linali limodzi: manja agwire ntchito, pakamwa patseke. Ankanyamula beseni, kuchapa thaulo, kutembenuza wodwala ndi kumupesa tsitsi. Kulankhula kunali kwa a Nesi, amenenso sankachulutsa mawu.

Vesi anatsatira a Nesi miyezi ingapo, ndipo zinamukwana. Atapita kukawazonda za mwendo uja, anawapeza atausanjika pa mpando, iye n'kuyamba dandaulo lake.

“Amayi, kodi ndidzakhala chete mpaka liti? Mavesi onsewa aziolera m'kamwa?”

“Mavesi saola,” anatero a Nesi. “Tandikonzera piloyu kaye, wapendekeka ngati chipewa cha woledzera.”

Vesi atakonza, iwo anamugwira dzanja nanena mosafulumira.

“Mwana wanga, ine ndaona anthu ambiri akumwalira, ndaonanso ambiri akuchira. Palibe tsiku limene ndinadziwiratu kuti uyu apita, uyu atsala. Amene ndinkati safika madzulo ankadzuka n'kupempha tiyi. Amene ndinkati wachira ndinkapeza pabedi pake pagona wina. Pamenepo ndinaphunzira kuti pali mawu ena amene mwini wake ndi Mulungu yekha. Iwe mutu uli nawo, mtima wachifundo ulinso nawo, sindikukana. Chimene sunakhale nacho ndi mantha. Munthu wokhwima amanjenjemera akamalankhula m'dzina la Ambuye, chifukwa womvetserayo sasiyanitsa mawu ako ndi mawu a Mulungu. Amawameza onse pamodzi. Mwana akakukhulupirira, chilichonse chotuluka m'kamwa mwako chimasanduka lamulo pa moyo wake. Tsiku limene ndidzaone kuti wayamba kuopa pakamwa pako, ine ndemwe ndidzakugwira dzanja kukupereka kwa abusa.”

Vesi anathokoza mwaulemu. Koma potuluka anali kudziuza kuti ukalamba umachedwetsa zinthu.

2. Mwana wa atelala

Abusa anali atsopano pa mpingowo, munthu wabwino mtima koma wa phuma. Atamva Vesi akulankhula pa msonkhano wa achinyamata, anamuitana pambali.

“Mwana wanga, mtima wanga wakhuta. Atsikana otembenuka achuluka, alangizi ndi ochepa, a Nesi nawo ndi awo akudwala. Lamlungu loyamba la mwezi wa mawa ndidzakuimika pamaso pa mpingo. Pakali pano yamba kuyenda ndi mwana wa atelala uja. Mayi ake agonekedwa m'chipatala, ndipo alibe womulimbikitsa. A Nesi ndikawauza ndine.”

Mwana wa atelala ankatchedwa Kasingano, popeza anali wowonda, wowongoka, ndiponso sankachoka pambali pa makina osokera a mayi ake. Anali wa msinkhu wongoyamba sekondale. Bambo analibe, abale ake anali kutali. Dziko lake lonse linali mayi akewo ndi kachipinda kamene ankasokeramo ndi kugonamo.

A Nesi atamva, anatumiza mawu kwa Vesi akuti, “Pita ukamuthandize mwanayo kuchapa ndi kutembenuza mayi ake. Zina zonse uzibwera nazo kwa ine.”

Wodi ya amayi inali pamwamba, pokwera masitepe. Mabedi anali ondondozana, fungo la mankhwala lili guu. Atelala anali pabedi la pafupi ndi windo, botolo la madzi a m'mitsempha likudontha pang'onopang'ono m'mkono mwawo. Anali atatha thupi, koma maso awo anali adakali pa ntchito.

“Iwe mtsikana, diresi limeneli anakusokera ndani?”

“Logula, amayi.”

“Ndaonera mpendero. Wapotoka ngati msewu wa kumapiri. Ndikatuluka muno ubwere nalo.”

Kasingano anaseka, nawapukuta milomo ndi kansalu konyowa. Vesi anagwira ntchito yake bwino lomwe: anachapa, anasintha nsalu za pabedi, anawapesa tsitsi. Tsiku limenelo dokotala anaima nthawi yaitali pabedipo, nalankhula motsitsa mawu ndi namwino wa wodiyo, kenaka n'kufunsa ngati pali wachibale wamkulu woti adziwitsidwe.

Poperekeza Vesi, Kasingano anaima pakati pa masitepe, nagwira chitsulo cha m'mbali ndi manja onse awiri.

“Asisi, ndiuzeni zoona. Amayi amwalira?”

Apa ndi pamene lamulo la a Nesi linafunika. Vesi akanamukumbatira mwanayo, akanakhala naye pansi pa masitepepo, akanati sindikudziwa. Koma mawu akuti sindikudziwa anali asanatulukepo m'kamwa mwake, ndipo nkhope ya mwanayo inali kupempha yankho.

“Samwalira,” anatero Vesi molimba mtima. “Ukakhulupirira osakayika ngakhale pang'ono, Mulungu awadzutsa. Koma usalire, misozi ndi chizindikiro cha kukayika. Usamangokhalanso pabedi paja kuyang'ana m'mene afookera. Maso amafooketsa chikhulupiriro. Mawa upite m'kachipinda kopemphereramo kaja ka pansi, ukagwade, usatulukemo mpaka utamva mumtima kuti zatheka.”

“Nanga amayi akandifuna?”

“Ndidzakhala nawo ndine. Iwe ntchito yako ndi kukhulupirira.”

Kasingano anapukuta maso msangamsanga, ngati wagwidwa akuba. Vesi anatsika masitepe mtima uli myaa, ndipo kwa a Nesi sanapiteko.

3. Masana aja

M'mawa mwake zinachitika monga anapanganira. Kasingano anapsompsona mayi ake pamphumi akadali m'tulo, natsikira ku kachipinda kaja. Vesi anakhala pa mpando wa pambali pa bedi.

Dzuwa litafika pamutu, atelala anatsegula maso nayang'ana uku ndi uku.

“Mwana wanga ali kuti?”

“Akukupemphererani pansipa, amayi. Muchira.”

“Kamuitane.”

Vesi anaganiza kuti kumuitana kukhala kudula pemphero pakati. M'malo mwake anasendeza mpando, nayamba kunena mavesi a machiritso, limodzi pambuyo pa linzake, momveka bwino kotero kuti odwala a mabedi oyandikana anatembenuka kumvetsera. Atelala anamvetsera pang'ono, kenaka anagwedeza dzanja lawo lopanda mphamvu.

“Ndamva, mwana wanga, zikomo. Koma kamuitane ndimuone.”

“Angotsala pang'ono kumaliza, amayi.”

Mayi wina wa pabedi loyandikana anati, “Mtsikana iwe, munthu akamaitana mwana wake sumamuyankha ndi ulaliki.” Vesi anamwetulira mwaulemu, napitiriza.

Namwino wa wodiyo anabwera kudzasintha botolo. Anagwira mkono wa atelala, nayang'ana kapumidwe kawo, nkhope yake n'kusintha.

“Mwana wawo uja ali kuti? Thamanga! Thamanga ukamutenge!”

Vesi anatsika masitepe osawaona. Anamupeza Kasingano atagwada pa simenti, manja ali pa benchi, milomo itauma. Anamukoka dzanja, nakwera onse awiri akupuma movutikira.

Pofika m'wodi anapeza makatani atazunguliridwa pabedi la pafupi ndi windo. Odwala ena anali atatembenukira kukhoma. Namwino anatuluka m'makatanimo, nagwira Kasingano mapewa.

Mwanayo sanalire. Analowa, nayang'ana nkhope ya mayi ake kwa nthawi yaitali, kenaka anatembenukira kwa Vesi ndi maso ofunsa. Vesi anayang'ana pansi.

4. Kachipinda kosokeramo

Amalume ake a Kasingano, mlongo wa malemuwo, anafika kuchokera ku tauni yakutali nayendetsa zonse za maliro. Pa mwambo wa m'tchalitchi abusa anatchula Vesi ndi mawu okoma. Anati achinyamata onse atengere chitsanzo cha mtsikana amene anakhala ndi wodwala mpaka mphindi yotsiriza, akumutonthoza ndi Mawu. Anthu anagwedeza mitu. Mayi ake a Vesi anamutsina pang'ono pa ntchafu chifukwa cha kunyada.

Maliro atatha, kunamveka kuti amalume amutenga mwanayo kukakhala naye kwawo. Vesi anazengereza, koma potsiriza anapita ku kachipinda kosokeramo.

Anapeza chitseko chili chotsegula. Amalume anali atatuluka kukafuna makatoni. Pa chingwe cha kukhoma panali zovala za anthu zosamalizidwa: thalauza lopanda zipi, yunifolomu ya mwana wa sukulu yopanda mkono umodzi, diresi la ukwati lolembedwa ndi choko. Kasingano anali pansi akulongedza ulusi m'kachitini, mtundu ndi mtundu.

“Ndabwera kudzakuthandiza,” anatero Vesi.

“Khalani, asisi. Pepani mpando ndi womwewo wa pamakina.”

Anayamba kulongedza limodzi. Kenaka Kasingano analankhula, maso ali pa ulusi.

“Asisi, pali chimene sindinakuuzeni. Musauze amalume.”

“Nena.”

“Ine ndinakayika. Ndili m'kachipinda muja ndinakumbukira m'mene miyendo ya amayi inaondera, ndiye misozi inangotuluka yokha. Ndinayesetsa kuibweza, ndinaluma mpaka mkono, koma inakana. Sipanapite nthawi inu munabwera kudzanditenga.” Anatseka kachitini kaja. “Munandichenjeza inu. Ndawapha ndine amayi.”

Vesi anatsegula pakamwa. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake munalibe kanthu.

“Kodi Mulungu amakhululukira munthu wopha mayi ake?” anafunsa Kasingano. “Ndikuopa kupemphera. Ndikati ndigwade ndimaona ngati akundiyang'ana mokwiya.”

Panja panamveka amalume akukoka makatoni. Vesi anaimirira, nanena kuti mayi ake akumudikira kunyumba, natuluka mothawa.

5. Zimene a Nesi ananena

Sanapite kunyumba. Miyendo inamutengera kwa a Nesi, ndipo atangolowa anagwada pafupi ndi mpando wawo n'kufotokoza zonse, kuyambira pa masitepe mpaka pa kachitini ka ulusi. Sanabise kuti atelala anaitana mwana wawo, iye n'kuchedwa.

A Nesi sanakalipe. Misozi inatsikira m'makwinya a masaya awo.

“Dzuka, khala pa mpando. Maondo ako akufunika kwina, osati kwa ine.”

Vesi atakhala, iwo anayamba.

“Mayi uja sunamuphe iwe, ndipo sanamuphe mwana wake. Matenda ake ndinkawadziwa. Anaitanidwa ndi Mwini moyo pa nthawi yake. Chimenecho chichoke pamtima pako. Koma pali ziwiri zimene wachita, ndipo sindikubisira. Choyamba, walanda mayi ndi mwana kutsanzikana kwawo. Chimenecho sichibwezeka, udzayenda nacho. Chachiwiri, wapereka lonjezo limene sunatumidwe, n'kulembapo dzina la Mulungu. Lonjezolo litalephera, mwanayo sanganene kuti Mulungu wanama, sanganenenso kuti asisi anama, pakuti amakukhulupirira. Watsala ndani woti amuimbe mlandu? Yekha. Ambuye wathu mwini analira pamanda pa bwenzi lake, iwe n'kuuza mwana kuti misozi ndi tchimo! Wamudetsera nkhope ya Mulungu, ndipo mwana amene akuopa kugwada ali pangozi yoposa umasiye.”

Vesi anali kulira. “Ndichite chiyani, amayi?”

“Sindikulamula. Ndingokuonetsa m'mene zinthu zilili. Abusa sakudziwa, mpingo sukudziwa, ndipo mwanayo sadzaulula chifukwa akuyesa kuti wolakwa ndi iye. Ine sindinyamula nkhani ya munthu kupita nayo kwina. Lamlungu likubwerali ukhoza kuvala bulauzi yoyera, kuimirira kutsogolo, anthu n'kukuombera m'manja, ndipo palibe adzakuletse. Udzapatsidwa atsikana ena, udzawaphunzitsa mokoma. Koma ndamva kuti amalume aja anyamuka Lamlungu lomwelo, pa basi ya m'mawa, nthawi ya mapemphero. Mwanayo akakwera basi imeneyo ndi katundu amene wamusenzetsa, adzakula naye, adzakalamba naye.”

Anapuma pang'ono, nasuntha mwendo wawo wotupa.

“Anthu amayesa kuti wokonzeka kutsogolera anzake ndi amene ali ndi mayankho. Ayi. Ndi amene angathe kunena kuti sindikudziwa, osachita manyazi, ndiponso kuti ndinalakwa, osawonjezapo koma. Ukasankha kupita kwa mwanayo, usakatenge vesi ngakhale limodzi. Akakufunsa kanthu ukayankhe zoona, zingawawe bwanji. Ndipo usakamupemphe kuti akukhululukire, chifukwa kumeneko ndi kumusenzetsa katundu wachiwiri woyamba asanatule. Ukangochotsa chako pamutu pake, basi. Akakuda, ulole, kuli bwino ade iwe kusiyana ndi kuti azidzida yekha ndi kuthawa Mlengi wake.”

6. Lamlungu

Lamlungu m'mawa mayi ake a Vesi anadzuka msanga kusita bulauzi yoyera. Mchimwene wake anapukuta nsapato zake popanda womuuza.

“Lero tikhala kutsogolo,” anatero mnyamatayo. “Ndife abale a alangizi ife, tisamapanikizane ndi anthu wamba.”

Vesi anavala bulauzi ija. Pofika kutchalitchi belu loyamba linali litalira, anthu akulowa. Iye sanalowe pa khomo lalikulu. Anazungulira kumbuyo, nagogoda pa kachipinda kamene abusa ankavaliramo.

“Lowa, mwana wanga. Wakonzeka?”

“Sindinakonzeke, abusa. Musanditchule lero.”

“Ndi mantha chabe amenewo, aliyense amatero.”

“Si mantha a kuima pa anthu. Zimene munanena pa maliro paja sizinali choncho. Ine ndinalonjeza mwana uja kuti mayi ake samwalira akapanda kulira. Ndinamuchotsa pabedi. Mayi ake anamuitana, ine ndinachedwa. Tsopano akuti anawapha ndi iye.”

Abusa anakhala pansi pang'onopang'ono, mkanjo uli m'manja. Nkhope yawo inagwa.

“Ndinakufulumiza ndine,” anatero motsitsa mawu. “Mwanayo ali kuti?”

“Akunyamuka tsopano lino.”

“Nanga ukudikira chiyani pano?”

Vesi anatuluka akuthamanga. Pa geti anakumana ndi mayi ake akulowa.

“Iwe, ukupita kuti? Belu lachiwiri likulira!”

“Ndidzakuuzani, amayi. Lero sindiimikidwa.”

Sanatembenuke kuti aone nkhope yawo.

Ku depoti kunali phokoso la makondakitala ndi utsi wa mabasi. Anapeza Kasingano ndi amalume ake kumapeto kwa mzere. Amalume anali kulimbana ndi anyamata okweza katundu kuti makina osokera asawagoneke chammbali. Kasingano anali atakhala pa katoni, kachikwama kali pamiyendo.

“Asisi! Si lero mukuimikidwa?”

Vesi ananjuta patsogolo pake, bulauzi yoyera ija itanyowa ndi thukuta.

“Tamvera, mng'ono wanga. Zimene ndinakuuza pa masitepe paja sizinachokere kwa Mulungu. Zinachokera kwa ine. Iye sanalonjeze kuti amayi achira ukapanda kulira. Ine sindinkadziwa ngati achira kapena ayi, koma ndinachita manyazi kunena kuti sindikudziwa. Misozi yako sinaphe munthu. Amayi anadwala kwambiri, madokotala ankadziwa, ukanalira kapena ukanapanda kulira zikanatero basi.”

Kasingano anamuyang'anitsitsa.

“Ndiye kuti Mulungu sananene?”

“Sananene. Ndinanena ndine.”

“Sanandikwiyire?”

“Palibe chimene unamulakwira. Wolakwa ndine.”

Mwanayo anapotokola lamba wa kachikwama kake. Kondakitala anayamba kumenya m'mbali mwa basi kuitana otsala. Kenaka Kasingano anafunsa funso limene Vesi ankaliopa njira yonse.

“Nthawi imene ndinali pansi ija, amayi anadzuka?”

“Anadzuka.”

“Anandifunsa?”

Bodza linali pafupi, lofewa, looneka ngati chifundo.

“Anakufunsa. Anati, mwana wanga ali kuti, kamuitane ndimuone. Ananena kangapo. Ine ndinkati ndisadule pemphero lako, ndiye ndinachedwa.”

Pamenepo Kasingano analira. Kunali kulira kumene anakutsekera kuyambira tsiku la m'chipatala, ndipo kunatuluka konse nthawi imodzi, mpaka anthu ogulitsa zinthu pa depotipo anasiya malonda awo. Vesi anatambasula manja kuti amugwire.

“Musandigwire!” anakuwa mwanayo. “Mukanandisiya ndikhale nawo! Ine sindinkafuna zambiri, mukanangondisiya ndikhale nawo!”

Vesi anabweza manja ake. Sanadziteteze, sanapemphe kanthu.

Amalume anabwera mothamanga. “Chachitika n'chiyani? Iwe mtsikana, wamutani mwanayu?”

“Ndamuuza zoona, bambo. Ndinachedwa nazo.”

Bamboyo sanamvetse, ndipo nthawi yofunsa panalibe. Ananyamula katoni, nagwira mwanayo pa phewa n'kulowa naye m'basi. Kasingano anakhala pa windo, koma nkhope analozetsa kwina. Vesi anaima pomwepo mpaka basi inakhota pa ngodya ya msewu.

Kunyumba mayi ake sanamulankhule tsiku lonse, ndipo mchimwene wake, amene sankasowa nthabwala, anangomuikira kapu ya madzi patebulo n'kutuluka. Kukwaya kunayamba manong'onong'o. Ena ankati wachita mantha, ena ankati pali chimene wabisa. Dzina lake silinatchulidwenso pa za ulangizi.

Sabata isanathe, amalume aja anabwerera okha, maso ali ofiira ndi kusowa tulo. Kasingano anali atasowa pakhomo pawo m'mawa wina, ndipo woyendetsa basi wina anati anamuona akukwera yobwerera kumene ankakhala ndi mayi ake. Nyumba yoyamba imene bamboyo anagogoda inali ya kwa Vesi, popeza dzina lake ndi lokhalo limene mwanayo ankatchula akamalira. Vesi anavala nsapato, natuluka nawo kukamufunafuna.